Kompyuta ikakana kuyaka, musathamangire kufomata

Kompyuta ikakana kuyaka, mankhwala oyamba amene mwini wake amauzidwa kawirikawiri ndi akuti, “Tiifomate, tiikemo Windows yatsopano.” Nthawi zina zimathandizadi. Koma kufomata kumapita ndi zonse zimene zinali pa disiki: zithunzi za ukwati, mabuku a ndalama za bizinesi, kafukufuku amene mwana wa ku yunivesite wakhala akulemba chaka chathunthu. Chimene chimandiwawa kwambiri n’chakuti nthawi zambiri Windows imakhala yosalakwa. Vuto limakhala chaja yakufa, kabatire kakang’ono kotha mphamvu, kapena RAM imene yasuntha pang’ono pamalo pake. Munthu amataya ntchito ya zaka zambiri chifukwa cha chinthu chimene chikanakonzedwa ndi sikuludiraiva.

Makaniko wodziwa ntchito, galimoto ikakana kulira, sayamba ndi kutsitsa injini. Amamvetsera kaye ngati sitata ikutembenuka. Kompyuta nayonso imayaka motsata ndondomeko, ndipo amene akuidziwa ndondomekoyo amatha kuona pamene yadukira. Mukadina batani, magetsi amalowa mu motherboard. Kenako imadzuka pulogalamu yaing’ono yokhala mu chipu cha pa motherboard pomwepo, osati pa disiki. Pa makompyuta akale, kuyambira pa IBM PC ya mu 1981, pulogalamuyi ndi BIOS. Pa atsopano ndi UEFI, ngakhale amisiri ambiri amangoitchabe BIOS. Ntchito yake yoyamba ndi kuyendera ziwalo zikuluzikulu, purosesa, RAM ndi mbali yotulutsa chithunzi, kuti ione ngati zilipo ndipo zikuyankha. Kuyenderaku kumatchedwa POST. Zikakhala bwino, BIOS imafufuza disiki yokhala ndi kapulogalamu kodzutsa Windows, n’kukapatsira ntchito. Windows imayamba kudzitsegula, kuitana madiraiva a ziwalo zosiyanasiyana, mpaka kukufunsani pasiwedi. Choncho funso lofunika kuposa onse ndi ili: yafika pati isanaime? Yankho lake limachotseratu zokayikira zambiri. Kompyuta imene yaonetsa chizindikiro cha Dell kapena HP pa sikirini ili ndi magetsi, ndipo purosesa yake ndi yamoyo. Kompyuta imene sinaonetse kalikonse kawirikawiri sinafike n’komwe pa Windows, ndiye kuifomata sikungaichiritse.

Tiyambe ndi imene yangoti zii: palibe kanyali koyaka, fani siikuzungulira, palibe phokoso lililonse. Apa nkhani ndi ya magetsi, ndipo muyambire kukhoma kulowera mkati. Lumikizani chinthu china pa soketiyo, kaya chaja ya foni, muone ngati muli moto. Chotsani ekisitenshoni pakati. Mapulagi a mano atatu amene ali ponseponse ku Malawi, ofanana ndi a ku Britain, amakhala ndi fyuzi mkati mwake, ndipo fyuziyo ikapsa chingwe chonse chimafa ngakhale chikuoneka chatsopano. Makompyuta ena a patebulo ali ndi swichi ina kumbuyo kwa bokosi la magetsi, imene anthu amaidina mwangozi posesa kapena posuntha tebulo.

Pa bokosi lomwelo pali chinthu choyenera kuchiopa. Makompyuta ena akale ali ndi kaswichi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Ku America magetsi a m’nyumba ndi a mavolti 120, pamene kuno kwathu ndi 230. Kompyuta yakaunjika yochokera kumeneko ikalumikizidwa kaswichiko kali pa 115, bokosi la magetsi limapsa nthawi yomweyo, mwinanso ndi kuphulika ndi utsi. Yang’anani musanalumikize. Ndipo bokosi limeneli musalitsegule: limasunga mphamvu yoopsa ngakhale mutalizula kukhoma. Likafa limasinthidwa lathunthu.

Kwa laputopu, wokayikiridwa woyamba ndi chaja. Malaputopu ambiri amafuna mavolti 19 mpaka 20, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa pansi pa laputopuyo komanso pa chaja. Chaja yoti mutu wake walowa sindiye kuti ndi yoyenera. Za Dell ndi za HP zambiri zili ndi kapini kopyapyala pakati pa mutu kamene kamauza laputopu mtundu wa chaja. Kakapindika, kapena chaja ikakhala yachinyengo, laputopu ikhoza kukana kutchaja batire. Bwerekani chaja yeniyeni ya mtundu womwewo muyesere musanagule china chilichonse. Palinso njira ina yosalira ndalama imene imadzutsa malaputopu ambiri ooneka ngati afa: zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi pafupifupi 30, kenako lumikizani chaja yokha n’kuyatsa. Zimenezi zimataya mphamvu yotsalira ndi kudzutsanso kachipu koyang’anira magetsi kamene nthawi zina kamangouma. Malaputopu ena a ThinkPad a Lenovo, amene batire lake ndi la mkati, ali ndi kabowo pansi kolowetsamo kawaya pofuna kuchita zomwezi. Koma mukaona kuti malo oyendetserapo chala atukuka, kapena chivundikiro cha pansi chayasama, batire latupa. Musalibowole, musalitchajenso. Likhoza kuyaka moto.

Gulu lachiwiri ndi limene limasokoneza anthu kwambiri. Nyali zayaka, fani ikulira, koma sikirini ndi yakuda bii. Poyamba dziwani ngati vuto ndi kompyuta kapena sikirini yokha. Dinani Caps Lock: kanyali kake kakamayaka ndi kuzima, kawirikawiri makinawo ali moyo. Lumikizani TV kapena sikirini ina ndi chingwe cha HDMI kapena VGA. Chithunzi chikabwera kumeneko, mwapeza. Mukhozanso kuwalitsa tochi pafupi ndi galasi la laputopu muli m’chipinda cha mdima. Mukaona chithunzi chozilala, ndiye kuti chafa ndi nyale younikira sikirini kuchokera kumbuyo, kapena chingwe chake chimene chimadutsa pa mahinji n’kumapindika tsiku lililonse. Pa kompyuta ya patebulo yokhala ndi khadi lapadera la zithunzi, chingwe chiyenera kulowa pa khadilo, osati pa malo ofanana nawo a pa motherboard.

Chithunzi chikapanda kubwera paliponse, POST yalephera, ndipo kompyuta imayesa kunena chifukwa chake m’njira yokhayo imene yatsala nayo. Zakale zimalira kuti pii, pii, mwina katatu, mwina kasanu, mofupika kapena motalika. Malaputopu a Dell amaphethira kanyali ka batire mosinthanitsa mitundu iwiri, a HP amaphethira nyali ya Caps Lock. Werengani bwino, mulembe papepala. Tanthauzo la chiwerengerocho limasiyana malinga ndi kampani komanso mtundu wa makina, choncho lifufuzeni m’buku la kompyuta yanuyo kapena pa tsamba la kampaniyo, pogwiritsa ntchito foni.

Pagulu limeneli RAM ndiyo imapezeka yolakwa kawirikawiri. Siikhala kuti yafa ayi. Fumbi, chinyezi cha nthawi ya dzinja ndi kugwedezeka kwa m’minibasi zimachititsa kuti mano ake agolide asagunde bwino m’malo mwake. Zimitsani, zulani kukhoma, gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m’thupi mwanu achoke, tsegulani timangolo ta m’mbali, chotsani RAM. Pukutani mano akewo mosamala ndi labala yofufutira pensulo, muchotse zinyenyeswa, muibwezere mpaka itamveka kuti yakhala. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi payokha, kenako inayo. Lamulo loyenera kuligwira pa ntchito yonseyi ndi lakuti muzisintha chinthu chimodzi, n’kuyesa, musanakhudze china. Mukasintha zinthu zinayi pakamodzi kompyuta n’kuyaka, simudziwa chimene chinali vuto, ndipo lidzabweranso. Kuona maso a nkhono n’kudekha.

Kompyuta imene imayaka kwa masekondi ochepa kapena mphindi zingapo n’kuzima yokha, makamaka m’miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, nthawi zambiri ikudziteteza. Purosesa ikatentha mopitirira muyeso imadula yokha magetsi kuti isapse. Fani imakhala yauma, kapena fumbi latseka njira ya mpweya, kapena phala lotulutsa kutentha limene limapakidwa pa purosesa lauma. Kuika laputopu pa bulangeti kumatseka mabowo ake a pansi.

Tifike pamene chizindikiro cha kampani chaoneka, koma m’malo mwa Windows pakubwera mawu oyera pa sikirini yakuda: “No bootable device”, “Operating system not found”, kapena “BOOTMGR is missing”. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima n’kuvomera kufomata, chonsecho mawuwa akungonena kuti BIOS sinapeze chodzutsira Windows pamalo amene inayang’ana. Sakunena kuti mafayilo anu apita. Choyamba zulani fulashi iliyonse, memori khadi, pulinta, chilichonse cholumikizidwa pa USB, chifukwa kompyuta ikhoza kukhala ikufunafuna Windows pa fulashi ya nyimbo. Zikakanika, lowani mu BIOS. Batani lake limadinidwa mobwerezabwereza mukangoyatsa: F2 pa Dell ndi Acer, Esc kenako F10 pa HP, F1 pa ThinkPad, Delete pa makompyuta ambiri a patebulo ochita kulumikiza. Mkatimo yang’anani zinthu ziwiri. Kodi dzina la disiki yanu likuoneka? Nanga tsiku ndi nthawi zili bwino?

Tsiku likabwerera zaka zambiri m’mbuyo, wapalamula ndi kabatire kozungulira ngati khobidi, kolembedwa CR2032, ka mavolti 3. Kamakhala pa motherboard kusunga nthawi ndi zimene munasankha mu BIOS pamene kompyuta yazima. Kakatha, patapita zaka zingapo, BIOS ya makina ambiri imaiwala zonse n’kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Zotsatira zake zimaoneka zoopsa kuposa chifukwa chake. Pali njira ziwiri zodzutsira kompyuta. Yakale, yolembedwa Legacy kapena CSM, imawerenga kachigawo koyambirira ka disiki, ka mabaiti 512 okha, kotchedwa MBR. Yatsopano, ya UEFI, imafuna disiki yogawidwa mwa dongosolo la GPT yokhala ndi kachipinda kakekake ka mafayilo odzutsira. Windows yoikidwa m’njira imodzi siidzuka m’njira inayo. Ndiye kabatire kakatha, BIOS n’kusintha yokha kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI, disiki yabwinobwino imaoneka ngati mulibe kanthu. Chimodzimodzi ndi mmene BIOS imalankhulira ndi disiki, AHCI kapena RAID: zikasinthika, Windows imayamba kudzuka kenako n’kugwa ndi mawu akuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Makompyuta ambiri amene amagulidwa kuno anagwirapo kale ntchito zaka zingapo m’maofesi a kunja, choncho kabatire aka kamakhala katakalamba kale pofika. Musanasinthe chilichonse mu BIOS, jambulani sikirini ndi foni kuti muthe kubwezera.

Disiki ikapanda kuoneka mu BIOS, nkhani yakula, komabe mwina ndi chingwe chabe kapena disiki yasomphoka pamalo pake laputopu itagwa. Makompyuta ambiri ali ndi pulogalamu yodziyeza okha imene siidalira Windows: pa Dell dinani F12 musankhe Diagnostics, pa HP dinani Esc kenako F2. Imayeza disiki ndi RAM n’kupereka nambala ya vuto. Koma tcherani khutu. Hard disk ili ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga koyandama pamwamba pake. Mukamva kuti tiki, tiki, tiki mobwerezabwereza, kapena ngati chinthu chikukhula, zimitsani pomwepo. Kuyatsa kulikonse kukuwonjezera chilonda, ndipo mapulogalamu okonzera disiki monga chkdsk akhoza kumalizitsa disiki yodwala poikakamiza kuwerenga kwa maola ambiri. Disiki ya mtundu wa SSD ilibe choyenda mkati, siiopa kugwedezeka, koma ikamafa siichenjeza ndi phokoso.

Pano ndiye pagona mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu pa nkhani yonseyi. Kukonza kompyuta ndi kupulumutsa mafayilo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yopulumutsa ndiyo iyenera kuyamba. Siyovuta monga anthu amaganizira. Pa kompyuta ina mukhoza kuika Ubuntu, mtundu wa Linux waulere, pa fulashi, n’kuyatsira kompyuta yodwalayo pa fulashipo posankha “Try Ubuntu”. Imayenda osakhudza disiki yanu, ndipo ngati disikiyo ili moyo mafoda anu amaoneka, n’kuwakopera kwina. Imakuuzaninso chinthu china: Ubuntu ikayenda bwino ndipo disiki yanu ikuwerengeka, kawirikawiri ziwalo za kompyuta zili bwino, vuto lili mu Windows. Njira ina ndi kuchotsa disiki, kuiika m’kabokosi ka USB, n’kuiwerengera pa kompyuta ina. Mmisiri aliyense wodziwa ntchito amazidziwa njira zimenezi. Amene akukana kuziyesa akusunga nthawi yake, osati katundu wanu.

Gulu lomaliza ndi la kompyuta imene yafika pa Windows, timadontho tikuzungulira, koma siikumaliza: imauma pomwepo, imaonetsa sikirini ya buluu, kapena imangozima ndi kuyakanso kosalekeza. Zoyambitsa zodziwika ndi diraiva yolakwika, kusintha kwa Windows kumene kwadukira panjira, kapena mafayilo owonongeka magetsi atathima mwadzidzidzi disiki ikulemba. Kwa ife amene kuthima kwa magetsi ndi gawo la moyo, chomalizachi si chachilendo, makamaka pa makompyuta a patebulo opanda UPS, chida chokhala ndi batire chosunga magetsi akathima. Komabe ngati sikirini ikunena kuti ikumaliza kusintha, ipatseni nthawi yokwanira, ngakhale ola lathunthu pa kompyuta yakale, musanaganize kuti yauma.

Windows ili ndi chipinda chake chokonzera. Pa Windows 7 ndi zam’mbuyo mwake anthu ankadina F8, koma kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 njira imeneyo inatsekedwa. Masiku ano Windows ikalephera kudzuka kawiri motsatizana, ulendo wachitatu imalowa yokha mu Automatic Repair. Mukhoza kuikakamiza poizimitsa ndi batani timadontho tikangoyamba kuzungulira. Pansi pa Troubleshoot ndi Advanced options mupeza zida zingapo, ndipo ndi bwino kuyamba ndi zofatsa. Startup Repair imakonza mafayilo odzutsira. Uninstall Updates imachotsa kusintha komaliza. System Restore imabwezera Windows mmene inalili tsiku lina m’mbuyomo osakhudza zikalata ndi zithunzi zanu. Startup Settings imakulowetsani mu Safe Mode mukadina 4, mmene Windows imayenda ndi madiraiva ofunikira okhaokha. Kompyuta ikayaka mu Safe Mode, ndiye kuti chimene chikuigwetsa ndi chinthu chowonjezera, ndipo dzifunseni: ndinaikamo chiyani, kapena ndinalumikiza chiyani, isanayambe zimenezi? Sikirini ya buluu nayonso imalemba dzina la vuto, nthawi zina ndi dzina la fayilo yolakwa. Ijambuleni isanachoke.

Dziko lonse lapansi linaona phunziro limeneli pa 19 Julayi 2024. Kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, anagwa n’kumangoyaka ndi kuzima. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonekera m’mayiko ambiri. Poyang’ana, makinawo ankaoneka ngati atheratu. Koma mankhwala ake anali kulowa mu Safe Mode kapena m’chipinda chokonzera chija, n’kufufuta fayilo imodzi ya dzina loyamba ndi C-00000291. Panalibe chifukwa chofomata.

Tsiku limenelo linaonetsanso msampha wina umene ukukula. Makompyuta ambiri anali okhomedwa ndi BitLocker, njira ya Windows yobisira zonse za pa disiki kuti wakuba asaziwerenge, ndipo amisiri sankatha kufika pa fayiloyo popanda kiyi wa manambala 48. Malaputopu ambiri atsopano amadzikhoma okha motere mwini wake akangolowa ndi akaunti ya Microsoft, iye osadziwa n’komwe. Kusintha zina mu BIOS kapena kusintha motherboard kukhoza kuchititsa kuti kompyuta ifunse kiyiyo. Disiki yokhomedwa siiwerengeka pa Ubuntu kapena m’kabokosi ka USB popanda kiyi, ndipo palibe mmisiri angaithyole. Kiyi amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito poyamba, kapena ndi a zamakompyuta ku ntchito kwanu ngati laputopu ndi ya ofesi. Apa pali ngozi yeniyeni kwa amene anasiyira wogulitsa mu shopu kuti awatsegulire akaunti, iwo osalemba imelo kapena pasiwedi yake.

Ilipo nthawi yoyenera kuika Windows yatsopano, zonsezi zikalephera ndipo mafayilo atakoperedwa kale. Ngakhale pamenepo, chipinda chokonzera chili ndi Reset this PC, imene imalola kusunga mafayilo anu ngakhale mapulogalamu amachoka. Ngati pakufunika kuyambiratu, Microsoft imapereka kwaulere chida chopangira fulashi yoikira Windows, yosachepera 8GB. Ndi bwino kugwiritsa ntchito imeneyo kusiyana ndi fulashi yoyendayenda imene palibe akudziwa amene anaisintha ndi zimene anaikamo. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chipu cha chitetezo cha TPM 2.0 chimene makompyuta ambiri akale alibe. Kwa makina oterowo Linux ndi njira yoyenera kuiganizira.

Zina n’zosakonzeka kunyumba. Fungo la chinthu chopsa, madzi kapena tiyi wothikira pa kiyibodi, motherboard yowombedwa ndi mphezi kapena ndi magetsi obwera mwamphamvu atathima, zimenezi n’za mmisiri wa zida zake, ndipo laputopu yonyowa musayese n’komwe kuiyatsa kuti muone ngati ikugwira. Popita nayo, muuzeni zenizeni: pamene ikuimira, mawu a pa sikirini, kangati ikulira, chimene chinachitika komaliza, ndi zimene mwayesa kale. Ndipo musanaisiye pa kauntala, nenani momveka bwino kuti disiki isafomatidwe musanavomereze, komanso kuti mafayilo anu akoperedwe kaye.

Inu amene kompyuta yanu ikuyaka bwino lero, musadikire. Koperani mafayilo ofunika pa disiki ina kapena pa intaneti, fufuzani ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker n’kulemba kiyi wake papepala losungika, ndipo magetsi akathima kapena mphezi zikayamba, zulani pulagi kukhoma.